Chitsulo cha a Kopolo

Alamu anga amasoka nsapato, ine ndimasoka zovala, ndipo tonse awiri tili pakhonde limodzi la sitolo yogulitsa penti ndi mapaipi. Iwo anayamba kukhala pamenepo ine ndikadali kamtsikana ka yunifolomu. Ine ndinabwera ndi makina anga zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri zapitazo, nditatopa kusokera kunyumba kumene wodutsa pakhomo ndi nkhuku yokha. Anthu amawatchula a Chidendene, chifukwa ukamabwera sakuyang'ana kumaso. Amayang'ana mmene chidendene cha nsapato yako chadyekera, n'kukuuza kuti umayenda chopendekera kumanzere, ngati kuti unawafunsa. Ine amangonditi a Telala. Alamuwo anakwatira akulu anga, omwe anatisiya zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, koma chilamu chathu sichinapite nawo kumanda. Timakangana tsiku lililonse, kuyambira pa tsache mpaka pa mthunzi wa chipilala.

Ndi munthu wamfupi, wowonda, wa magalasi omanga ndi ulusi wa nsapato. Kukhala phee satha. Ntchito ikasowa amamasula soli ya nsapato yawo yomwe n'kuikhomanso. Amayankhula misomali itatu ili pamilomo, moti kasitomala watsopano amatembenukira kwa ine kuti ndimasulire. Dzina la mwini nsapato salemba paliponse, koma sanapatsepo munthu nsapato ya wina. Zimene eni ake anaziiwala zili m'thumba kuseri kwa benchi, zina eni ake anamwalira kalekale, koma ukanena zoti azitaye amakuyang'ana ngati wawatukwana. Mowa samwa, fodya sasuta. Koma kuuma mutu kwake, abale inu! Akulu anga ankati anakwatiwa ndi awiri, mwamuna ndi chitsulo chake, ndipo pa awiriwo chomvako zonena za munthu chinali chitsulo.

Nkhani yanga ili pa chitsulo chimenecho.

Bambo awo, amene aliyense ankawatchula a Kopolo, anapita kunkhondo kunja ali mnyamata. Ntchito yawo kumeneko inali yonyamula zipolopolo zikuluzikulu n'kumapatsira anzawo owombera mzinga. Anabwerako ndi khutu limodzi logontha, chikhoti chaubweya, ndi bokosi lachitsulo. Pansi pa bokosilo, m'kati mwa bulangete, munali chitsulo chotalika kuyambira pachigongono mpaka kunsonga za zala, cholemera ngati mwana woyamba kuyenda. Akazi awo atafunsa, a Kopolo anati, "N'chopanda kanthu. Ndinachikhuthula ndekha." Za nkhondo sananenenso china mpaka imfa. Chitsulocho chinakhala zaka zambiri chikutchinjiriza chitseko cha kukhitchini kuti chisamamenyeke ndi mphepo.

Alamu anali mwana wamwamuna yekhayo pa ana asanu, ndipo sukulu inawakana msanga. Ataphunzira kusoka nsapato analibe pomenyera. Wosoka nsapato amafunika chitsulo chosalala chopindirapo nsonga za misomali ndi kusalazirapo chikopa. A Kopolo anatenga chipika cha mtengo wolimba, anachigoba pakati masiku atatu, n'kulowetsamo chitsulo chija mutu pansi. Kunja kunangotsala tako lake lathyathyathya, lalikulu ngati kambale ka kapu. Anachikankha okha pa njinga mpaka pakhonde, anachitsitsa, n'kunena kuti, "Uzidyera pamenepa." Alamu amati chimenecho ndi chinthu chokhacho chimene bambo awo anawapatsapo m'manja. Nkhaniyi ndaimva kambirimbiri moti ndingathe kuinena ndili m'tulo.

Ndipo anadyeradi pamenepo, zaka makumi anayi ndi chimodzi. Madzulo aliwonse ankapukuta chitsulocho ndi kansanza ka oilo, n'kugubuduza chipika chonse kulowa nacho m'sitolo, gu! pa sitepe, m'mawa gu! kutuluka nacho. Tako lija linasalala mpaka kumawala ngati supuni. Ine ndinkaikapo kapu ya tiyi. Mwana wawo wamkazi, amene amanditi amayi aang'ono, anaphunzira kuima atagwira chipika chimenecho. Akulu anga atamwalira, tsiku lachitatu alamu anali atafika kale pakhonde, hamala ikugwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Anthu ankati munthuyu alibe mtima. Ine amene ndinali pambali ndinaona kuti nsapato imene ankaimenyayo inali itatha kale kukonzedwa, ndipo magalasi awo anali onyowa.

Asilikali a kukampu ya kuseri kwa msika ankabweretsa jombo zawo mwezi ndi mwezi. Palibe amene anaonapo chachilendo, poti chooneka chinali kambale kowala basi.

Amene anaulula zonse ndi chiswe. Chinadya chipika chija m'kati mwakachetechete, ndipo Lolemba lina m'mawa, alamu atangomenya kawiri pa nsapato ya mwana wasukulu, chipikacho chinang'ambika pakati ngati buledi. Chitsulo chinagwa pasimenti n'kugubuduka mpaka kudzagunda mwendo wa makina anga. Aka kanali koyamba kuti ndichione chathunthu. Chinali ndi mutu wosongoka, wobiriwira ndi kukalamba, ndi lamba wa mkuwa cha kumunsi. Ndinachikankha ndi phazi. Inde, ndi phazi langa lomweli, nditavala patapata, ndikukalipa kuti katundu wawo asamabwere kudera kwanga.

Alamu anachigoneka pakati pa njerwa ziwiri n'kumamenyera m'nthiti mwake podikira kuti apeze chipika china. Anatero Lolemba, Lachiwiri ndi Lachitatu.

Lachinayi kunabwera a Sajeni, kasitomala wawo wakale, bambo wa imvi m'mbali mwa makutu, wokonda kundiseka kuti ndimasoka mathalauzi a miyendo yosiyana. Anakhala pabenchi, anavula jombo imodzi n'kupereka. Alamu anaiika pachitsulo n'kukweza hamala.

"Imani!"

Sanakuwe, koma mawuwo anaimitsa ngakhale phazi langa pa chopondera cha makina. A Sajeni anagwira dzanja la alamu m'mwamba momwemo, n'kuchotsa hamala pang'onopang'ono ngati akulanda mwana mpeni.

"Achikulire, chinthu ichi mwachitenga kuti?"

"N'cha bambo anga. Chatani?"

"Mwakhala mukumenyapo kuyambira liti?"

"Inu musanalowe usilikali," anatero alamu, misomali ili pamilomo.

A Sajeni anagwada osachikhudza. Anayang'ana mutu, anayang'ana lamba uja, ndipo thukuta linatuluka pamphuno pawo ine ndikuona. Anati limeneli ndi bomba la mzinga. Anati lamba wa mkuwayo sanakandike, kutanthauza kuti silinawomberedwepo, ndipo mutuwo ndi womwe linabwera nawo kuchokera kofula. Anatinso zinthu zoterezi zikamakalamba sizifa ayi, zimangoyamba kupsa mtima msanga.

"Bodza," anatero alamu. "Bambo anachikhuthula okha."

"Mwina. Koma ine sindikuona pamene anatsegulira."

Mayo ine! Ndinayang'ana phazi langa lija. Ndinayang'ana m'sitolo, zitini za penti ndi mafuta osungunulira penti zili mbwee mpaka kudenga. A Sajeni anatichotsa tonse, mwini sitolo, makasitomala, ngakhale mayi wogulitsa nthochi pakona, mpaka kutsidya kwa msewu. Iwo anali ndi jombo imodzi ndi sokosi yobooka, akuyenda uku ndi uku foni ili kukhutu.

Apa m'pamene alamu anachita zimene mpaka lero zimandipsetsa mtima ndikakumbukira. Anati aiwala magalasi. Magalasi ali pamphuno! Tisanazindikire anali atawoloka msewu, atakulunga chitsulo m'chiguduli, atachimanga pakaliyala ya njinga, n'kulowa kanjira ka kuseri kwa sitolo. Tinakuwa tonse, koma ndani angathamangitse munthu amene wanyamula bomba? Umugwire kuti ugwe naye? A Sajeni anathamangako pang'ono motsimphina, n'kuima manja ali pamutu. Tinangoona njinga ikudumpha m'maenje mpaka inakhota.

Anabwerera patapita maola awiri chimanjamanja, n'kupeza galimoto ya asilikali ndi apolisi awiri akuwadikira. Anati akachiponya m'damu, pakuya. Anawafunsa mobwerezabwereza, anawaopseza, anawanyengerera, koma iwo mawu ake omwewo: m'damu. Apolisi anapita nawo kunyumba kukasuzumira, anabwerako osapeza kanthu. A Sajeni asanachoke analemba nambala yawo pachikuto cha buku langa la miyeso. "Mayi, inu mumawadziwa. Mukamva kanthu, imbani."

Kuwadziwa ndimawadziwadi. Munthu amene sataya ngakhale msomali wopindika angaponye chitsulo cha a Kopolo m'madzi? Ndipo matayala a njinga analibe ndi katope komwe.

Masiku otsatirawo sindinali munthu. Ndinasokera dzanja la diresi ya mphunzitsi wina cham'mbuyo. Thalauzi ya bambo wina ndinaipinda mwendo umodzi kawiri, winawo osaukhudza, zimene a Sajeni amanena zija n'kukwaniritsidwa. Chitseko cha galimoto chikamenyeka pamsewu ndinkadzambatuka pampando. Ndikakhala ndinkafuna kuima, ndikaima ndinkafuna kuyenda, ndikayenda ndinkangofika pakona n'kubwerera. Chinthucho chili kwinakwake, ndinkatero mumtima, ndipo kumene chiliko kuli anthu amene sakudziwa kanthu.

Alamu nawo mtendere analibe. Anabwereka kachidutswa ka njanji kwa wowotcherera zitsulo, koma akamenya kawiri ankaima n'kuyang'ana kumsewu wa kwawo. Anadzibaya chala ndi singano, zimene sindinazionepo chikhalireni pakhondepo. Munthu amene zaka zonse masana amadyera pabenchi anayamba kupalasa njinga kupita kunyumba, ati kukaona mdzukulu.

"Alamu, damu lake liti?" ndinawafunsa Loweruka.

"Damu ndi damu."

"La kumtunda kapena la kumunsi?"

"Sokani zovala, a Telala. Kolala iyo yapotoka."

Lolemba cha m'ma teni koloko ndinaphimba makina ndi nsalu, ndinati ndikukagula ulusi, n'kukwera minibasi ya kwawo. Nyumba yawo ndi ya zipinda ziwiri ndi pabalaza. Mwana wa akulu anga uja amakhala momwemo ndi khanda lake la miyezi inayi, poti mwamuna wake amayendetsa mathiraki, kunyumba amangobwera kudzasintha malaya. Ndinamupeza kuseri akuchapa matewera.

"Amayi aang'ono, mwachita bwino kubwera," anatero asanandipatse n'komwe moni. "Bambo sakudya. Akangofika amalowa kuchipinda, amadzitsekera, n'kutuluka. Ndipo kabati ya zovala ya amayi aikiya. Apolisi aja anawauza kuti muli zovala za malemu, kiyi anasowa kalekale."

"Iwe unati chiyani?"

"Ndikanati chiyani? Si bambo anga?"

Kabati imeneyo chigulireni sinakiyidwepo. Koma kiyi wake wachiwiri anali pa mpukutu wa makiyi anga, kuyambira pamene ndinkalongedza zovala za akulu anga. Ndinalowa. Chipindacho chimazizira bwino masana, ndiye mwanayo amagoneka khanda pabedi la agogo ake. Linali litagona chagada, timanja tili m'mwamba, pakamwa pali yasa. Kuchokera pabedi kufika pakabati ndi sitepe imodzi. Ndinatsegula kabatiyo. Pansi, kuseri kwa nsapato zakale za akulu anga, panali chikhoti chaubweya cha a Kopolo chitakulunga chinthu, ndipo mutu wobiriwira uja unali utatulukira kukolala.

Sindinatseke n'komwe. Ndinanyamula khanda, ndinakoka mayi ake pamkono manja ali thovu lokhalokha, mpaka kwa aneba a nyumba yachisanu. Ndinagogoda nyumba zoyandikana kuti anthu atuluke, ndipo amene ankafunsa mafunso ndinawauza kuti akafunsire kumsewu. Ndikanatha kuimba foni pomwepo. Koma munthu amene wakhala naye khonde limodzi zaka zonsezi sungamugulitse kumbali. Ndinafuna aimbe okha. Ndinakweranso minibasi ndikutukwana chamumtima njira yonse, ndipo kondakitala atandiuza kuti ndisunthe ndinamuyankha mawu amene mpaka lero ndimachita nawo manyazi.

Ndinawapeza akumata soli ndi guluu.

"Alamu, damu lanu ndaliona. Lili ndi zitseko ziwiri ndi galasi."

Anaika nsapato pansi. Analavulira misomali m'dzanja, chinthu chimene sachitira munthu aliyense.

"Mwalowa kuchipinda kwanga?"

"Ndalowa. Mdzukulu wanu amagona sitepe imodzi kuchokera pamenepo. Mutu wanu ukuyenda bwino?"

"N'chopanda kanthu."

"Munaona ndi maso anu?"

"Bambo ananena."

"Bambo anu anali munthu, sanali mngelo."

Ndinkayembekeza kuti akalipa. Sanakalipe. Anasuntha pabenchi, n'kuyankhula motsitsa, moti ndinachita kuwerama kuti ndimve.

"Tamverani, a Telala. Bambo atakalamba ankabwera pano tsiku lililonse, zaka zisanu ndi zitatu. Ankakhala pamene pali makina anupo, bondo lawo likugunda chipika, ine ndikumenya. Munthu wodziwa kuti muli moto angakhale pamenepo? Angamupatse mwana wake? Ndikachipereka kwa asilikali ndiye kuti ndavomera kuti bambo anandinamiza, kuti anandikhazika pa imfa ndevu zisanamere. Zimenezo sindingavomere. Munthu uja sanandigwirepo paphewa. Sanandiuzepo kuti wachita bwino. Anandipatsa chitsulo, basi. Ndiye mukufuna mundiuze kuti nachonso chinali bodza?"

Ndinawamvera chisoni, ndisaname. Misozi inali pafupi. Koma m'maso mwanga munali timanja tija tili m'mwamba.

"Kutsutsa galu n'kukumba, alamu. Asilikali akapeza kuti n'chopanda kanthu, ine ndidzagwada pakhonde pano anthu akuona, ndidzapepesa inu ndi a Kopolo omwe. Imbani nokha. Nambala ndi iyi."

Ndinawatambasulira foni. Anangoiyang'ana, manja ali pamaondo. Ndinadikira mpaka mkono unatopa.

"Mukaimba inuyo, chilamu chatha," anatero.

"Chithe. Bola mwana akule."

Ndinaimba iwo ali pomwepo, ndipo ndinatchula zonse: nyumba, chipinda, kabati, chikhoti. Mwini sitolo anali pakhomo akumvetsera, wowotcherera uja anazimitsa makina ake. Alamu anatola misomali yawo n'kuibwezera m'kachitini umodziumodzi.

Asilikali anatseka msewu wonse wa kwa alamu ndi chingwe. Mmodzi anavala chovala chokhuthala ngati matiresi, analowa yekha m'nyumba, anakhalamo nthawi yaitali moti ndinatafuna chikhadabo mpaka magazi. Anatuluka atafukata chitsulo chija ngati khanda, n'kuchigoneka m'bokosi la mchenga kumbuyo kwa galimoto. Apolisi ankafuna kuwatenga alamu chifukwa cha bodza la damu lija, koma a Sajeni anawayankhulira, anati munthuyu wawasokera jombo zaka zambiri, si chigawenga. Anatinso akukaphulitsa bombalo masana omwewo ku dzenje lakale kumene ankaswa miyala, kuseri kwa phiri la kunja kwa tauni. Alamu anati apita nawo. A Sajeni anaganiza pang'ono n'kuwalozera galimoto yachiwiri. Inenso ndinakwera. Palibe amene anandiitana, palibenso amene analimba mtima kunditsitsa.

Njira yonse alamu ankayang'ana galimoto ya kutsogolo, imene inkayenda ngati yanyamula mazira. Ine ankandiona ngati thumba la mchenga.

Kumeneko anatiimika kutali, kuseri kwa mulu wa miyala. Tinadikira, tinadikira. Ine ndinkangosuntha, kukhala pamwala, kuima, kufunsa nthawi, mpaka msilikali wina anandipempha mwaulemu kuti ndikhale malo amodzi. Kenako a Sajeni anabwera.

"Taikapo wonga wathu wochepa, ngati kachidutswa ka sopo. Ngati n'chopanda kanthu mungomva phu! ngati tayala la galimoto, chitsulo n'kung'ambika basi. Ngati n'chodzaza, simuchita kufunsa."

"Mumva phu," anatero alamu. Anali mawu awo oyamba chikwerereni galimoto. "Ndipo zidutswa zake mundipatse."

Ine ndinapemphera kuti akhale olondola. Zoonadi. Ndinali wokonzeka kugwada pasimenti paja mpaka maondo atasupuka, kusekedwa ndi msewu wonse chaka chathunthu, bola munthuyu abwerere ndi bambo ake.

Sindinayambe kumva ndi makutu, ndinamva m'chifuwa ndi m'mano. Nthaka inandikankha kumapazi. Kenako chiphokoso, kenako fumbi lakuda likukwera kupitirira mitengo, timiyala tikugwa padenga la galimoto ngati matalala, mbalame zonse za m'phirimo zili balala. Ndinapezeka ndili pansi, nditakumbatira mwendo wa msilikali wosamudziwa.

Alamu anali chiimire. Magalasi anali atayera ndi fumbi, osawapukuta. Atatilola kuyandikira anayenda mpaka m'mphepete mwa dzenje limene linakumbika. Mukanatha kulowa makina anga, benchi, ndi ife tonse awiri, malo n'kutsalabe. Anayang'ana nthawi yaitali. Za zidutswa sanafunsenso.

"A Sajeni," anatero osatembenuka, "munthu amene ntchito yake inali yonyamula zimenezi tsiku ndi tsiku, angasokoneze chodzaza ndi chopanda kanthu?"

A Sajeni anandiyang'ana. Ndinawatsinzinira diso, ndinawapukusira mutu, kuti anene chilichonse, aname ngati n'kotheka.

"Achikulire, ndi kale kwambiri, ndipo nkhondo imasokoneza anthu."

"Ndakufunsani."

A Sajeni anavula chipewa n'kuchipindapinda m'manja. "Iyayi. Akangoona mutu amadziwa. Aliyense amene anazigwirapo amadziwa."

Alamu anagwedeza mutu kamodzi, ngati mmene amachitira kasitomala akawauza kuti adzatenga mawa.

Ine ndili ndi maganizo anga. Mwina a Kopolo ananamiza akazi awo tsiku loyamba lija poopa kuti awatayitsa chinthu chimene anavutika nacho ulendo wonse. Ndiye bodza likakhalitsa m'nyumba anthu amalizolowera, mwiniwake yemwe. Mwina zaka zitadutsa popanda chochitika anaona ngati bombalo linafa lokha. Mwina mwana wawo atasowa pomenyera anayang'ana m'nyumba monse, osapezamo china chomupatsa. Ndinayesa kunena zimenezi m'galimoto pobwerera, mawu akundituluka osatsatana.

"Musawayankhulire," anatero alamu. "Okha sanayankhule."



Asilikali anatitsitsa pamsewu wa kwa alamu dzuwa litapendeka. Chingwe chija anali atachotsa, koma anthu anali adakali panja m'timagulu. Mayi wina wa nyumba yoyandikana anandikoka pamkono. "A Telala, n'chimene chija? Kuno mawindo ananjenjemera, mbale zinalira m'kabati, ana onse anadzuka akulira." Ndinamuchotsa dzanja n'kuthamangira alamu, amene anali atatsogola.

Pafupi ndi khomo anaima. Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya malaya, anakutumula fumbi pamapewa, anakonza kolala. Mwana wawo anali pakhomo, khanda lili kumsana.

"Bambo, zatha bwanji?"

"Chinali chopanda kanthu," anatero, mawu ali bwinobwino. "Changoti phu. Agogo ako sananame."

Mwanayo anandiyang'ana kudutsa paphewa la bambo ake. Maso ake anali ofiira, khanda kumsana likadali kusisima. Pakamwa panga pamadziwika msewu wonse, sindinasungepo mawu ngakhale pamaliro. Ndinatsegula, n'kutsekanso.

"Chabwino, bambo," anatero. "Lowani, ndakuikirani madzi osamba."

Anakwera sitepe imodzi yokha ya pakhomopo atagwira khoma, ngati munthu wodwala. Mwanayo anawapatukira, anawatsatira m'kati. Ine ndinaima panja ndi chikwama changa m'manja, ndikudikira kuti wina anene kuti lowani. Patapita kanthawi ndinamva madzi akuthiridwa m'beseni kuseri, ndiye ndinatembenuka kukafuna minibasi.